Konsitabo Kamphepo Adikire Tsiku la Mfumu

Ngati simunafikeko ku ufumu wa Indebwana, musadandaule, palibe chimene munataya. Ndi dziko limene chilichonse chimamvera. Anthu amamvera, wailesi imamvera, ngakhale atambala a ku likulu, ku Chiombamanja, salira asanafunse ngati Mfumu Yaikulu Mwadzitama Wachitatu yadzuka. Chinthu chimodzi chokha chimene chinakana kumvera chiyambire ufumuwu ndi mtsinje wa Samvera. Nduna zakhala zikuulembera makalata ouchenjeza kwa zaka zambiri, koma sunayankhepo ndi imodzi yomwe.

Pa mlatho wa mtsinjewo, pafupi ndi msika wa Tingopenya, panaima chiboliboli chachitali cha Mfumu, chozunguliridwa ndi chingwe chofiira. Wochilondera anali Konsitabo Zefaniya Kamphepo. Ntchito yake, monga inalembedwera pa kalata imene anamulembera ntchito, inali kupirikitsa mbalame kuti zisanyere pamutu pa Mfumu. Anaigwira zaka khumi ndi zinayi, moti akhwangwala ankamudziwa bwino kuposa mabwana ake.

Ndisakunamizeni kuti anali mngelo, ayi ndithu. Zefaniya anali wapolisi ngati anzake: mimba patsogolo, chibonga m'chiuno. Mbalame zikachepa ankathamangitsa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo nthochi zimene ankalanda kuti zikakhale umboni sizinkafika kupolisi. Mai Dolofina, wogulitsa nthochi wapakamwa kuposa onse mu Tingopenya, ankamulalatira m'mawa uliwonse, iye n'kumayankha uku akusenda nthochi ya mayiyo.

Ndiye kunabwera mvula ija ya mu Malichi. Inagwa masiku anayi osapuma, ndipo tsiku lachisanu, msika utadzaza, Samvera unalowa pakati pa malonda osaodira. Unatenga mabenchi, matumba a makala, mbuzi, ndi anthu. Zefaniya anayang'ana chiboliboli, anayang'ana madzi, kenako anachita chinthu chimene chinali chisanachitikepo mu Indebwana: anaganiza yekha osafunsa bwana. Anamasula chingwe chofiira cha Mfumu, mbali ina anamanga ku chitsulo cha mlatho, ina m'chiuno mwake, n'kulowa m'madzi.

Anavuula anthu khumi ndi mmodzi. Wachitatu anali Mai Dolofina, amene anatuluka akulalatabe chifukwa anamukoka tsitsi. Wachisanu ndi chitatu anali mkazi wa a Bizaleli, bambo wachikulire wosunga mitembo ku mochale ya likulu. Atalowanso kachikhumi ndi chiwiri, chingwe chinabwerako chokha. Anamupeza mawa lake m'munda wa nzimbe kumunsi kwa mtsinje. Chiboliboli nacho chinagwa chafufumimba m'matope, akhwangwala n'kuchichita zimene ankalakalaka kwa zaka khumi ndi zinayi.

Kumudzi kwawo kwa Zefaniya, kwa Taiwalidwa, mabanja ambiri sanapeze mitembo ya abale awo. Anatsata mwambo wa makolo: munthu akapita ndi madzi osapezeka, mumadula thunthu la nthochi, mumalikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake kuti mitima ikhale pansi. Mai Velina, mkazi wa Zefaniya, anthu ankati ndi wamwayi poti wake anapezeka. Adzukulu anali atanola kale makasu oti akakumbire manda pafupi ndi a mayi ake a malemuyo pamene galimoto yakuda inafika n'kunyamula mtembo.

"Mukupita naye kuti mwamuna wanga?" anafunsa Velina akuthamangira galimotoyo.

Zenera linatsika. M'katimo munali a Chigwadire, Nduna ya Maliro a Boma ndi Zisangalalo Zina.

"Salinso mwamuna wanu, mayi," anatero mwaulemu wonse. "Tsopano ndi wa fuko. Muzinyadira."

Ena madzi ndiwo anawalanda mtembo. Velina analandidwa ndi boma, ndipo boma, mosiyana ndi madzi, silinamulole n'komwe kuika nthochi.

Ku Chiombamanja nduna zinasonkhana m'bwalo lalikulu. Woyamba kuimirira anali mkulu wa apolisi, atakwiya mpaka ndevu zikunjenjemera.

"Mfumu Yaikulu, munthuyu anathawa pa ntchito! Anasiyira akhwangwala mutu wanu, ndiponso ananyowetsa chingwe cha boma popanda chilolezo. Akanakhala moyo bwenzi ali m'chitolokosi."

"Ndiye timutsekere?" inafunsa Mfumu ikuyasamula.

A Chigwadire anagwada, monga ankachitira ngakhale popempha madzi akumwa. "Vuto lilipo, Mwinidziko. Kumsika akumuimbira nyimbo. Ndipo m'nyimbozo dzina lanu mulibemo."

Nduna ina inagwetsa cholembera koma inaopa kuchitola.

Anakambirana masiku atatu, akupumira pa tiyi, mpaka anatulutsa chilengezo chimene wailesi inawerenga kasanu ndi kawiri pa tsiku. Chinati Konsitabo Kamphepo anafa pofuna kupulumutsa chiboliboli cha Mfumu imene ankaikonda kuposa moyo wake. Anthu khumi ndi mmodzi aja anangodzigwirira okha ku chingwe, ndipo poti chingwecho ndi cha Mfumu, amene anawapulumutsa ndi Mfumu. Chotero ngwaziyo idzapatsidwa Mendulo ya Kumvera, ndipo idzaikidwa ku Munda wa Ngwazi.

Panatsala kavuto kamodzi. Lamulo la Indebwana limati wolandira mendulo ayenera kunena kuti "Zikomo Mfumu" mokweza, apo ayi ndi wachipongwe. Akatswiri a malamulo anasinkhasinkha mpaka thukuta, kenako anagamula kuti kuyambira tsiku limenelo kukhala chete ndiko kuthokoza kwapamwamba kwambiri. Za tsiku la maliro sanavutike nazo. Tsiku lobadwa la Mfumu linali litatsala masiku makumi anayi, ndipo poti pa tsikulo anthu amakhala atasonkhana kale, gulu loimba malipenga litakonzeka kale, zinaoneka zanzeru kuti malemuyo adikire.

Ku Tingopenya anthu anamvetsera chilengezocho akukokolola matope m'misasa yawo.

"Mwamva, anzanga?" anatero wogulitsa makala. "Kukhala chete ndi kuthokoza. Ndiye kuti ife takhala tikuthokoza chibadwire."

"Ine ndiye ndadziwa lero kuti anandikoka tsitsi ndi Mfumu," anatero Mai Dolofina. "Koma Mfumuyo inkanunkha nthochi zanga m'kamwa, ndikukuuzani!"

Anthu anaseka. Dolofina anaseka nawo, kenako anatembenukira kukhoma n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Kwa Taiwalidwa kunalibe woseka. Kumeneko maliro asanaikidwe, mkazi wamasiye sameta, sagona pa bedi, ndipo abale sagwira khasu. Madzi anali atakokolola mbewu zonse, anthu ena akubzalanso mbatata m'madimba, koma a kwa Kamphepo anangokhala pa siwa kudikira mtembo umene sunkabwera. Nyimbo za maliro zinatha, anazibwereza, zinathanso. Patatha masabata awiri Velina anamanga duku lake n'kupita ku likulu, kukakhala pa khomo la ofesi ya a Chigwadire.

"Bwana nduna, ndabwera kudzatenga mwamuna wanga ndikamuike."

"Mayi, muli ndi mwayi, mwafika pa tsiku labwino! Amuna anu akwezedwa. Kuyambira dzulo ndi Sajeni."

"Ndiye ndipatseni Sajeniyo."

"Aa, Sajeni sangaikidwe chiikeike ngati munthu wamba."

Atabweranso sabata yotsatira anamuuza kuti Zefaniya tsopano ndi Insipekitala. Munthu amene anakhala zaka khumi ndi zinayi osakwezedwa ali moyo anakwera maudindo awiri m'masiku khumi ali gone. Apolisi anzake anayamba kumuchitira nsanje. A Chigwadire anaonetsanso Velina ndondomeko ya oika nkhata pa manda: Mfumu poyamba, kenako akazi a Mfumu, nduna, akazi a nduna, oyendetsa galimoto za nduna. Iye anali wa nambala eyite-folo, pambuyo pa woimira bungwe la opanga mbendera.

Atatuluka muofesimo anapita ku mochale kuti akangomuonako. Alonda anamubweza pa chipata, koma a Bizaleli anamutsatira n'kumukokera pansi pa mtengo.

"Mwana wanga, ndisakubisire," anatero mawu ali pansi. "Kuno magetsi amayaka Lachiwiri lokha. Ndikuyesetsa ndi zonse zimene ndimadziwa, koma Insipekitala wakoyu udindo ukamakwera, fungo nalo likukwera. Pofika tsiku la Mfumu sipadzakhala munthu woti n'kumuika."

Velina anakhala pansi pa fumbi pomwepo. Sanalire mokuwa. Anangoti, "Ankaopa kugona pamalo achilendo, bambo. Ngakhale kwa mlongo wake sankagona." Ine wolemba nkhaniyi ndimaseka zambiri za ku Indebwana, koma apa pokha ndimalephera, zimandikwiyitsa.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene Indebwana amachidziwa kuposa maiko onse: kuyeserera. Kumeneko mwambo uliwonse amauyeserera mpaka woona ukadzafika aliyense amakhala atatopa nawo. M'mawa uliwonse asilikali asanu ndi mmodzi ankanyamula bokosi lofanana ndendende ndi la Zefaniya kuchoka ku mochale mpaka ku bwalo la zionetsero, malipenga akulira. Poyamba bokosilo linali lopanda kanthu, koma asilikali ankayenda nalo mothamanga ngati akupita kukadya. Anagonekamo wachiwiri kwa nduna, koma analiza mkonono pakati pa nyimbo ya fuko. Pamapeto pake wina anakumbukira mwambo wa kumudzi, ndipo anagwirizana zoikamo thunthu la nthochi. Analiveka yunifolomu ya polisi, kumtunda n'kuphimba ndi mbendera, chifukwa mwambo wa kunyumba yachifumu umati Mfumu siona nkhope ya wakufa. Chifuwa chokha ndicho chinkaonekera, kuti Mfumu iziphunzirirapo kubaya mendulo osadzilasa chala.

Thunthu la nthochi silichedwa kuwola. Pa masiku atatu alionse pankafunika latsopano, ndipo amene anapatsidwa ntchito yobweretsa latsopano ndi kukataya lakale anali yani? Mai Dolofina, ndi ngolo yake ya abulu awiri.

Tsiku limene Velina anabwezedwa pa chipata lija, Dolofina anamupeza ali ndi a Bizaleli pansi pa mtengo uja. Anamvetsera, manja ali m'chiuno.

"Achemwali, dzukani, mukudetsa chitenje," anatero. "Ine ndimalowa muno ndi thunthu limodzi, ndimatuluka ndi thunthu limodzi. Alonda aja anayamba ayang'anapo kuti ndi thunthu lanji?"

A Bizaleli anayang'ana uku ndi uku. "Mayi inu, akatigwira ndiye kwathu kwatha."

"Akazi anu ali kuti panopa, bambo?"

"Ali kunyumba, akuchapa."

"Akuchapa chifukwa cha ndani?"

A Bizaleli anavula chipewa, anakanda dazi, n'kuchivalanso.

"Mubwere Lachitatu, magetsi atangothima kumene," anatero. "Akhala adakali wozizira."

Lachitatu, dzuwa lili pamutu, ngolo inalowa pa chipata. Dolofina anabwera ndi mathunthu awiri, lina atalibisa pansi pa masamba, ndipo lobisikalo analizula ndi chitsa chake chomwe kuti lilemere ngati munthu wodya bwino. A Bizaleli analiveka yunifolomu ya Insipekitala, analigoneka m'bokosi lenileni, anaphimba ndi mbendera. Zefaniya anamukulunga m'nsalu yoyera imene Velina anabwera nayo, anamugoneka m'ngolo pamodzi ndi thunthu lakale, masamba a nthochi pamwamba.

Pa chipata mlonda anaimitsa abulu. Mlondayo anayandikira, ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Iii, mayi, la lero ndiye lawola zedi!"

"Ndi mmene zimakhalira zinthu zikakhalitsa m'manja mwa boma," anatero Dolofina. "Ukufuna uone?"

"Pitani, pitani!"

Koma ngolo ikudutsa, mphepo inakankha tsamba limodzi, phazi lokulungidwa m'nsalu n'kuonekera. Mlondayo analiona. Nayenso anali wapolisi, ndipo anagwirapo ntchito pa mlatho paja. Anayang'ana phazi, anayang'ana Dolofina, kenako anawongoka n'kuchita sawasha mpaka ngolo inakhota pa ngodya. Atafunsidwa ndi mnzake kuti akuchitira sawasha abulu chifukwa chiyani, anati akuyeserera.

Anafika kwa Taiwalidwa dzuwa litapendeka. Adzukulu, amene anauzidwa kale, anali atamaliza kukumba. Kunalibe lipenga, kunalibe ndondomeko. Anthu khumi ndi mmodzi aja anabwera onse, ndipo ndi iwo amene anatsitsira bokosi la matabwa a mango m'manda ndi zingwe za m'mudzi momwemo. Woyamba kuponya dothi anali Velina. Dolofina anaponya dothi lake, kenako anatulutsa nthochi imodzi yakupsa n'kuiponyanso momwemo.

"Iyi yokha ndakupatsa ndekha, wakuba iwe," anatero, n'kulira mokweza kuposa wina aliyense.

Mawa lake Velina anameta, abale n'kutenga makasu kupita kudimba.

Tsiku lobadwa la Mfumu linafika ndi ulemerero wake wonse. Galimoto inadzatenga Velina, amene anamanga duku mothina kuti mpala isaoneke. Asilikali asanu ndi mmodzi aja ananyamula bokosi lenileni, ndipo atangoliika pa mapewa anayang'anizana. Anthu amene anyamula nthochi kwa mwezi wathunthu amaidziwa nthochi. Koma anakumbukira kuti kukhala chete ndiko kuthokoza kwapamwamba, ndipo anathokoza.

Mfumu inalankhula maola awiri. Ola loyamba ndi theka inafotokoza za ubwana wake. Kenako inati, "Mnyamata uyu ndinkamudziwa bwino. Nthawi zonse ndikadutsa pa mlatho, maso ake ankandiuza kuti, Mfumu, ndidzakuferani." Inayandikira bokosi, a Chigwadire akuyenda chogwada pambali pake, n'kubaya mendulo pa chifuwa. Singano inalowa mosavuta ngati mmene inkalowera poyeserera.

"Taonani kufewa kwa chifuwachi!" inafuula Mfumu. "Mtima wabwino sumabisika."

Pamene panalowa singano panayamba kutuluka timadzi, tikunyowetsa yunifolomu. Nduna zinazizidwa. A Chigwadire anathamangira pa chimkuzamawu.

"Anthu a ku Indebwana, ngwazi yathu ikulira ndi chimwemwe!"

Bwalo lonse linaomba m'manja. Velina anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo Dolofina anamukumbatira, nayenso akugwedezeka. Wailesi inalengeza kuti mkazi wamasiyeyo wagwidwa ndi chisoni chosaneneka. Itafika nambala eyite-folo anakaika nkhata yake mwaulemu, ndipo mpaka lero amati sanaonepo nthochi yolemekezeka chotero.

Okumba manda a ku Munda wa Ngwazi amakumba atavala masuti ndi magolovesi oyera, choncho dzenje likafika m'mawondo amatopa. Mabokosi a boma nawo amakongola kunja kokha. Mvula itagwanso, pa manda a Insipekitala Kamphepo panatuluka kamphukira kobiriwira, ndipo chaka chisanathe panaima nthochi yonenepa. Nduna zinasonkhananso masiku atatu n'kulengeza kuti ndi chozizwitsa: ngwazi ikudyetsa fuko ngakhale ili m'manda, chifukwa cha ulamuliro wabwino wa Mfumu. Anazunguliza chingwe chofiira chatsopano, n'kuikapo konsitabo wopirikitsa mbalame. Pa kalata yake ya ntchito anawonjezerapo mzere wakuti kukagwa chigumula asamasule chingwe.

Mkoko woyamba utapsa, a Chigwadire anaunyamula okha kupita nawo kwa Taiwalidwa, atolankhani ali pambuyo. Anapeza Velina akuchokera kumanda a m'mudzimo, tsache lili m'manja, pamodzi ndi anthu angapo a ku Tingopenya.

"Mayi, landirani zipatso za amuna anu," anatero a nduna. Kenako anaona tsache lija, anasuzumira kumanda, n'kuona mtumbira umodzi wosesedwa bwino, wopanda mtanda, wopanda dzina. "Nanga apo pagona ndani, poti mukusesapo anthu ambiri chonchi?"

Dolofina anatsegula pakamwa, koma Velina anamugwira mkono.

"Ndi munthu wamba, bwana nduna. Anapita ndi madzi."

"Wopanda dzina?"

"Dzina lake linatengedwa ndi boma."

A Chigwadire anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za kumudzi, anajambulitsa chithunzi atagwira mkoko, n'kukwera galimoto.

Fumbi litatha, Velina anagawira anthu aja nthochizo, imodzi imodzi. Dolofina anasenda yake, analuma, n'kugwedeza mutu.

"Mbewu yanga iyi, ndikuidziwa. Koma achemwali, sizikuwawani? Mwala wonyezimira uli uko, mendulo ili uko, kuno ngakhale kathabwa kolembapo dzina simungaike."

Velina anathyola nthochi yotsala, anabwerera kumanda, anagwada pa mtumbira uja n'kuiika kumutu. Anasalaza dothi ndi chikhatho chake, pang'onopang'ono, monga ankasalazira malaya a mwamuna wake asanapite ku ntchito.

"Zimandiwawa," anatero. "Koma ine sindinakwatiwe ndi dzina. Uko akulondera nthochi. Wanga ali pano, pafupi ndi mayi ake, ndipo ndikamuitana ndimadziwa koyang'ana."